Volovolo yakale yozokotedwa: maluwa ake ndi a zaka zake kapena ndi a dzana?

Funso: Ndimakhala ku Johannesburg. Munthu wina akugulitsa volovolo ya Webley yozokotedwa maluwa pachitsulo chonse, ndipo akuti boma la Britain ndilo linaipereka kwa msilikali pa nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu. Mtengo wake ndi wokwera kwambiri poyerekeza ndi Webley wamba. Ndikufuna kuyamba kusonkhanitsa mfuti zakale zoterezi. Ndiyang'ane chiyani, nanga ndikagula ndiisamale bwanji?

Yankho: Bambo, musanatengeke ndi maluwawo, imani kaye pa mawu akuti boma ndilo linaipereka. Boma likamagulira asilikali mfuti limagula zikwizikwi pa mtengo wotsikitsitsa, ndipo mfuti yogawira gulu siipita kwa mmisiri wozokota. Webley Mark IV, yomwe asilikali a Britain anayamba kulandira mu 1899, inkatuluka yopanda chokongoletsa chilichonse. Pathupi pake pamakhala zidindo za ntchito basi: kamuvi ka boma, tizidindo ta oyesa mfuti, ndipo nthawi zina nambala ya gulu la asilikali. Choncho volovolo yankhondo ikakhala yozokotedwa, pali njira zitatu zomwe inadzera. Mwina ofisala anaigula ndi ndalama zake, mwina inali mphatso, kapena wina anaizokota patapita zaka zambiri kuti ikwere mtengo. Ziwiri zoyambazo n'zamtengo wapatali. Yachitatuyo kawirikawiri imatsika mtengo kuposa mfuti yomweyo ikanasiyidwa mmene inalili, chifukwa mbiri yake yadulidwa ndi tchizulo. Ntchito yanu yonse ndi kupeza kuti mfuti imene mwaonayo inadzera njira iti.

Yambani ndi mtundu wake, chifukwa apa mpomwe nkhani zambiri za ogulitsa zimagwera. Mark IV ili ndi mpope wa mainchesi 4 ndi chigwiriro chozungulira kumapeto, chopindikira kutsogolo. Mark VI, yomwe imapezeka kwambiri pamsika, ili ndi mpope wa mainchesi 6 ndi chigwiriro chokhala ndi ngodya pansi, ndipo inayamba mu 1915. Nkhondo ya Mabunu inatha mu 1902. Ngati pa mfutiyo palembedwa Mark VI, nkhaniyo yathera pomwepo.

Maofisala a Britain a nthawi imeneyo ankadzigulira okha yunifomu, lupanga ndi volovolo. Chofunika chinali chakuti mfutiyo izilandira zipolopolo za boma za .455. Ankagula m'masitolo a ku London monga Army & Navy Co-operative Society, yomwe inakhazikitsidwa mu 1871, kapena kwa Wilkinson wa ku Pall Mall, ndipo dzina la sitolo limalembedwa pamwamba pa mpope. Kukongoletsa kwa Angerezi kunali kodziletsa: kamzere m'mbali mwa chitsulo, timasamba topiringizika pang'ono, ndi dzina la mwini pamodzi ndi gulu lake kumsana kwa chigwiriro kapena pa kambale ka siliva. Ma volovolo a Adams ndi Tranter a m'ma 1850 ndi 1860 ambiri ankatuluka ndi timaluwa totere kuchokera kwa opanga, ndipo amenewo ndiwo poyambira pabwino kwa munthu watsopano. Koma Webley yokhala ndi kamuvi ka boma komanso maluwa kuyambira kukamwa kwa mpope mpaka kuchigwiriro ndi yokayikitsa kwambiri. Yang'anani ngati pali mivi iwiri yoyang'anizana nsonga ndi nsonga. Chimenecho ndi chidindo chosonyeza kuti boma linaigulitsa, ndipo chilichonse chokongoletsa chinadza pambuyo pake.

Dzina la ofisala likakhalapo, likhoza kufufuzidwa. Mabuku a malonda a mfuti a Army & Navy amasungidwa ku University of Glasgow, ndipo nambala ya mfuti ikhoza kukupatsani tsiku limene inagulitsidwa ndi dzina la wogula. Maudindo a maofisala ankalengezedwa mu nyuzipepala ya boma ya London Gazette, ndipo mndandanda wa olandira mamendulo uli ku National Archives ku Kew. Fananizani zaka mosamala. Mwachitsanzo, gulu la King's African Rifles, lomwe batalioni yake yoyamba ndi yachiwiri zinali za ku Nyasaland, linapangidwa mu 1902. Volovolo yolembedwa K.A.R. pamodzi ndi chaka cha 1898 ndi yonama, ngakhale zilembozo zitakongola chotani. Chimodzimodzi ngati mfuti yalembedwa kuti Major wakutiwakuti koma munthuyo anafika pa udindowo patapita zaka khumi chitulukire mfutiyo. Sizikutanthauza kuti ndi bodza, koma zikufuna kufotokozeredwa.

Poti mukufuna kusonkhanitsa, simungalambalale America, komwe luso lozokota ma volovolo linakula koposa. Cholakwika chofala kwa oyamba kumene ndi kuona chithunzi cha zombo pa silinda (chitsulo chozungulira chokhala ndi zipinda za zipolopolo) ya Colt 1851 Navy kapena Colt 1860 Army n'kuganiza kuti apeza mfuti yozokotedwa ndi manja. Chithunzicho, chosonyeza nkhondo ya panyanja ya ku Campeche ya mu 1843 pakati pa zombo za Texas ndi za Mexico, anachijambula W. L. Ormsby pa chidindo chachitsulo, ndipo chidindocho chinkagudubuzidwa pa silinda ya mfuti iliyonse. Colt 1860 Army zinapangidwa pafupifupi 200,000, pafupifupi zonse ndi chithunzi chomwecho. Chimene osonkhanitsa amayang'ana ndi kuchuluka kwa chithunzi chimene chatsala, popeza chinali chosazama ndipo chimafufutika msanga. Silinda ya mfuti yotha yokhala ndi zombo zooneka bwino kwambiri imakhala kuti yadindidwanso.

Kuzokota kwenikweni kwa manja kunali kwa amisiri ochepa, ambiri ochokera ku Germany. Gustave Young anagwira ntchito za kampani ya Colt ku Hartford, komwe kunali fakitale yake, kuyambira m'ma 1850, kenako anapita ku Smith & Wesson. Dzanja lake limadziwika ndi masamba opiringizika amene amathera m'mutu wa galu, wa chiwombankhanga kapena wa nyama ina, ndi mutu wa mmbulu m'mbali mwa hamala ya mfuti. Mipata ya pakati pa masambawo ankaidzaza ndi timadontho tokhomedwa kamodzikamodzi, kuti masamba aoneke otukuka. Samuel Colt, mwini kampani ya Colt, ankagwiritsa ntchito mfuti zotere pokopa olamulira kuti amugule: mu 1854 anapatsa mfumu ya Russia, Nicholas I, ma volovolo okongoletsedwa ndi golide amene lero ali ku nyumba yosungira zinthu zakale ya Hermitage ku St Petersburg, ndipo inzake ya imodzi mwa mfutizo ili ku Metropolitan Museum of Art ku New York. Louis D. Nimschke ankadziyimira payekha ku New York, akumazokotera masitolo ndi anthu wamba, ndipo ankadinda ntchito zake papepala n'kusunga m'buku lomwe lero limathandiza kuzindikira dzanja lake. Ma volovolo awiri a Remington omwe anapatsidwa kwa mkulu wa asilikali a America Ulysses S. Grant, omwe akatswiri amati anazokota ndi Nimschke, anagulitsidwa pa okishoni ya Rock Island mu 2022 pa madola 5.17 miliyoni. Mitengo yotereyi ndiyo imadyetsa opanga zachinyengo, choncho dzina la mmisiri wotchuka likatchulidwa popanda umboni, chenjerani kowirikiza. Ambiri mwa amisiriwa sankasaina ntchito zawo, ndipo anali ndi ophunzira ozokota mofanana nawo.

Colt Single Action Army ya 1873 ikuonetsa bwino kusiyana kumene ndikunena. Zimene boma linagula zili ndi zilembo U.S. pafelemu ndi chidindo cha woyesa pamtengo wa chigwiriro, monga OWA cha Orville W. Ainsworth kapena HN cha Henry Nettleton, ndipo n'zosazokotedwa. Ya George Patton, msilikali wa America amene pambuyo pake anadzakhala mkulu wa asilikali, yokongoletsedwa ndiponso ya chigwiriro cha mnyanga wa njovu, anadzigulira yekha mu 1916. Kampani ya Colt imapereka kalata yochokera m'mabuku ake yonena mmene mfuti inatulukira: utali wa mpope, mtundu wa chigwiriro, ngati inazokotedwa, ndi kumene inatumizidwa. Kalatayi ndi yamphamvu kuposa mawu a wogulitsa aliyense. Vuto n'lakuti fakitale ya Colt inapsa mu 1864, ndipo mfuti zambiri zakale kwambiri zilibe zolembedwa. Pa zimenezo amayang'ana kadontho kapena chilembo E pambali pa nambala, chomwe fakitale inkaika pa zigawo zopita kokakongoletsedwa, ngakhale nachonso n'chosavuta kukhomapo lero.

Tsopano mfutiyo ili m'manja mwanu. Choyamba onetsetsani kuti mulibe kanthu. Webley imathyoka pakati, ndiye zipinda zonse zisanu ndi chimodzi zimaoneka. Koma volovolo zothira wonga kutsogolo zimapezeka zili zodzaza patapita zaka zoposa 100, ndipo wonga wakuda suola. Lowetsani kamtengo m'chipinda chilichonse cha silinda n'kuyerekeza kuzama kwake ndi utali wa kunja. Kamtengo kakaima panjira, mfutiyo ipite kwa mmisiri wa mfuti.

Mufunika galasi lokuzira kakhumi ndi tochi yaing'ono. Musaunike molunjika, gonekani kuwala m'mbali kuti timizere tichite mthunzi. Amisiri akale a ku America ankadula ndi tchizulo ndi kahamala, ndipo mukayang'ana mzere wokhota muona kuti wapangidwa ndi timasitepe ting'onoting'ono, kalikonse kakuimira kumenya kumodzi, monga mmene kasemasema amasiyira mabala pa mtondo. Makina oyendera mpweya, amene anafala kuyambira m'ma 1960, amamenya mofulumira kwambiri moti mzere umatuluka wosalala ndi wonyezimira. Ntchito ya asidi ilibe m'mphepete mwakuthwa, pansi pake pamakhala pokakala ndi pozama mofanana. Ya leza imaoneka ngati timizere kapena timadontho tondondozana mwa makina. Dziwani kuti timasitepeto patokha si umboni wokwanira, pakuti wachinyengo waluso nayenso amagwiritsa tchizulo ndi hamala, komanso amisiri ena a ku England ankakankha tchizulo ndi dzanja lokha pa ntchito yaing'ono, mzere n'kutuluka wosalala.

Umboni wodalirika ndi ukalamba. Maluwa ndi chitsulo ziyenera kukalamba limodzi. Volovolo imatha m'malo odziwika: m'mbali mwa kamwa la mpope pomwe imakhuzana ndi chikopa, m'ngodya za silinda, ndi kumsana kwa chigwiriro pomwe chikhatho chimagwira. M'malo amenewa maluwa akale amakhala ofufutika, pomwe obisika pansi pa mpope amakhala akuthwa. Maluwa akakhala akuthwa paliponse pa mfuti yomwe zilembo zake zafufutika, ndiye kuti anadza mochedwa. Pititsani kansalu ka thonje pamwamba pake: ntchito yatsopano imakola ulusi chifukwa m'mphepete mwa mizere mukadali timinga ta chitsulo. Kenako funani timaenje ta dzimbiri. Pa mfuti yoona, dzimbiri linadya pamwamba ndi m'kati mwa mizere mofanana. Pa yachinyengo muona tchizulo itadutsa pakati pa kadzenje n'kukadula pawiri, pansi pa mzere pali poyera. Zikatero palibenso chokambirana, dzimbiri ndilo linayamba kufika.

Onaninso mmene maluwa akukhalira ndi zilembo za fakitale. Mmisiri wa pafakitale ankalandira chitsulo chisanapakidwe mtundu ndiponso chisanaumitsidwe, ndipo ankasiyira dzina la kampani, nambala ndi zidindo malo ake. Wobwera pambuyo amapanikiza zilembo, kuzidula, kapena kuziphimba ndi tsamba pofuna kubisa chidindo chimene chikutsutsa nkhani yake. Felemu ya Colt inkaumitsidwa pamoto ndi makala a mafupa, n'chifukwa chake imakhala ndi mawanga a buluu ndi ofiirira. Tchizulo singalowe bwino pa chitsulo choterocho, choncho wozokota mochedwa amayenera kuifewetsa pamoto, kuipala, n'kuipakanso mtundu. Kupalako kumasiya zizindikiro zosabisika: ngodya zimene zinali zakuthwa zimakhala zobulungira, mabowo a masikuluwu amalowa ngati kambale, zilembo zimaonda mbali imodzi, ndipo mtengo wa chigwiriro umatumphuka kuposa chitsulo. Chomalizachi n'chofunika, chifukwa mtengo wakale umafota. Ukakhala pamwamba pa chitsulo, ndiye kuti chitsulocho chinachepetsedwa. Mtundu wa buluu kapena nikelo wopezeka m'kati mwa timaenje ta dzimbiri nawo ukunena zomwezo.

Manambala afanane. Pa Colt yothira wonga kutsogolo nambala imakhala pansi pa mpope, pafelemu, pa chotchingira chokhethemulira, pansi pa chigwiriro, pa silinda ndi pa kamphero kogwira mpope, ndipo nthawi zambiri imalembedwanso ndi inki m'kati mwa mtengo wa chigwiriro. Kamphero kosafanana nambala n'kofala ndipo sikatsitsa mtengo kwambiri, koma silinda kapena mpope wa mfuti ina ndi nkhani yaikulu. Pa Webley onani nambala ya pafelemu, pampope ndi pa silinda. Ya pa silindayo ili ndi ntchito inanso. Ma Webley ambiri amene anagulitsidwa ku America nkhondo yachiwiri itatha anapalidwa kumbuyo kwa silinda kuti alandire zipolopolo za .45 ACP. Mukaona manambala a pa silinda atadukako mbali imodzi, mfutiyo inapalidwa. Mtengo wake umatsika, ndipo kuiwombera n'koopsa popeza zipolopolozo n'zamphamvu kuposa zimene inapangidwira.

Palinso mfuti zatsopano zokalambitsidwa dala. Makampani a ku Italy monga Uberti, yomwe inayamba mu 1959, ndi Pietta amapanga ma Colt ndi ma Remington ofanizira mwachilungamo, okhala ndi zidindo zawo. Anthu ena amapala zidindozo, kuzokota, n'kudetsa chitsulo ndi asidi. Dzimbiri la asidi limakhala lofanana paliponse, ngakhale m'malo obisika omwe mfuti yakale imakhala ikadali ndi mtundu wake. Mizere ya m'kati mwa mpope wa Colt yeniyeni ya nthawi imeneyo imayamba mowongoka n'kumapotoka kwambiri chakukamwa, pomwe ya zofanizira zambiri imapotoka mofanana kuyambira kumbuyo. Mazinga a masikuluwu a ku Italy ndi a muyeso wa mamilimita. Zofanizira za ku Liège ku Belgium zokhala ndi chidindo cha ELG n'zakale ndithu, ndipo zina n'zokongola, koma si za ku Hartford ndipo zisagulidwe pa mtengo wa Colt.

Za malamulo musazisiye kumapeto kwa malonda. Ku South Africa Webley ndi mfuti monga ina iliyonse pansi pa Firearms Control Act ya 2000, ndipo chiphaso cha wosonkhanitsa chimafuna kuti mukhale membala wa bungwe lovomerezeka la osonkhanitsa. Kulowa bungwe lotere musanagule n'kwanzeru, chifukwa mumakumana ndi anthu amene agwirapo mfuti zambiri zenizeni. Ku Britain mfuti imawerengedwa yakale yosafuna chiphaso ngati inapangidwa September 1939 asanafike ndipo zipolopolo zake zili pa mndandanda wa zosapezekanso; .455 palibe pa mndandandawo. Ku America malire ndi 1898. Mukafuna kupita nayo kumudzi ku Malawi, pamafunika chilolezo cholowetsera ndi chiphaso cha apolisi, ndipo ukalamba wa mfuti sukuchotserani udindo umenewu. Chigwiriro cha mnyanga wa njovu chili ndi vuto lakelake. Malonda a minyanga pakati pa mayiko analetsedwa pansi pa pangano la CITES, loteteza nyama ndi zomera zakutchire, mu 1989, ndipo lamulo la Malawi la nyama zakutchire, litakonzedwanso mu 2017, limalola chilango chofika zaka 30 m'ndende. Popanda mapepala, chigwiriro chotere chisaoloke malire.

Pa kasamalidwe, ma volovolo akale ambiri awonongedwa ndi eni ake okonda ukhondo kuposa ndi dzimbiri. Mtundu wofiirira kapena wotuwa umene chitsulo chatenga m'zaka zonsezi ndi gawo la mtengo wake. Musakhudzitse sandipepa, sitiliwulu, mankhwala owalitsira mkuwa kapena makina opalira, pakuti zimafafaniza nsonga za maluwa ndipo sizibwereranso. Fumbi la m'mizere lichotsedwe ndi kabulashi kofewa ndi kamtengo kosongoka. Dzimbiri lofiira lomwe likudyabe lidonthezeredwe mafuta opepuka a mfuti, likhale tsiku limodzi kapena awiri, kenako likankhidwe pang'onopang'ono ndi kamtengo kapena kachidutswa ka mkuwa wofewa. Mukamaliza pukutani mafutawo n'kupaka phula lopyapyala la mtundu wa Renaissance Wax, lomwe linapangidwira ntchito yosunga zinthu zakale ku British Museum. Mafuta ochuluka amayenderera kumtengo wa chigwiriro n'kuudetsa ndi kuufewetsa. Pa mfuti ya nikelo pewani mankhwala okhala ndi amoniya, chifukwa amalowa m'ming'alu n'kudya kopa amene nthawi zina amakhala pansi pake, nikelo n'kuyamba kusupuka.

Gwirani ndi magolovesi, popeza thukuta la chala limasiya chidindo cha dzimbiri m'masiku ochepa. Musaisunge m'chikwama chake chachikopa kapena pa siponji; zonsezi zimasunga chinyontho, ndipo chikopa chili ndi asidi amene amadya chitsulo ndi kubiriwitsa mkuwa. Chinyontho cha mu sefa chikhale pakati pa 45 ndi 50 peresenti. Ikanimo kachipangizo koyezera ndi timapaketi toyamwa chinyontho. Ku Johannesburg nyengo yozizira imauma kwambiri ndipo mnyanga ndi mtengo zimang'aluka, pomwe ku Durban kapena m'dzinja la kwathu mdani ndi dzimbiri. Musakhethemule mfuti yopanda kanthu, makamaka yothira wonga kutsogolo, chifukwa hamala imaphwanya timilomo ta kumbuyo kwa silinda, ndipo masipuling'i akale amathyoka. Musamasule sikuluwu ndi sikuludiraiva wamba. Pamafunika yosuliridwa kuti idzaze mpata wonse, apo ayi mutu umang'ambika ndipo sikuludiraivayo imadutsa pa maluwa. Kuiwombera ndi zipolopolo zamakono kusayesedwe n'komwe.

Kwa Webley imene mwaonayo, pemphani wogulitsa zithunzi zapafupi za mbali yakumanzere ya felemu, pamwamba pa mpope, manambala onse atatu, kumbuyo kwa silinda, ndi chitsulo cha pansi pa chigwiriro atachotsa matabwa ake. Pemphaninso kuti zimene akunena za nkhondo ya Mabunu azilembe pa lisiti, ndi lonjezo lobweza ndalama katswiri wodziyimira payekha akapeza zosiyana. Pakapezeka dzina la sitolo ya ku London, manambala ofanana ndi maluwa otha limodzi ndi chitsulo, lemberani ku Glasgow musanalipire. Pakapezeka kamuvi ka boma, ngodya zobulungira ndi maluwa okola ulusi, ndalama yomweyo ikhoza kukugulirani Mark IV yosakhudzidwa yokhala ndi zidindo zake zonse, n'kutsalako ya mabuku ndi ya galasi lokuzira labwino.